Amene Anamanga Waya pa Fyuzi

Malemu amene tawazungulira panowa anabadwa pa 9 Juni 1957, ali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerengane ndine mlongo wawo, mzime m'banjamo. Pepalali linayamba lapatsidwa kwa amuna a kwathu, koma wina akuti mawu asasa, wina waiwala magalasi, ndiye lagwera ine. Ambiri mwa inu mumawadziwa malemuwa ndi dzina loti a Chiwotcha, ndipo ena mwafunsa njira yobwerera kuno ndi dzina lomwelo, opanda ndi manyazi omwe. Si dzina limene anawapatsa makolo athu. Alisenza zaka 28, ndipo banja lagwirizana kuti salowa nalo m'manda.

Sukulu anayamba mu 1964. Sindinama pamaso pa maliro kuti anali anzeru zoimbiridwa m'manja, chifukwa masamu ankawatulutsa thukuta. Koma wailesi ya bambo athu anaimasula katatu, n'kukwapulidwa kawiri, ndipo kachitatuko inayamba kulankhula bwino kuposa tsiku limene inagulidwa. Mu 1975 analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira za magetsi a galimoto, ndipo anamaliza mu 1978.

Pa 2 Epulo 1979 analembedwa ntchito pa kampani ina ya mabasi. Moyang'anizana ndi geti la kampaniyo panali mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo. Achimwene anang'amba ovolosi yawo kambirimbiri chaka chimenecho, mpaka mtsikanayo anawauza kuti ngati ali ndi mawu angonena, ulusi ukutha. Anakwatirana pa 16 Julayi 1983, ndipo ndi alamu angawa akhala apawa.

Amene munadyako kunyumba kwawo mukudziwa kuti ife tonse magetsi a galimoto tinawaphunzira mosafuna. Ankandandalika makapu ndi masipuni patebulo, chakudya chikuzizira. Ankati moto wonse umachokera ku batire, pa waya wonenepa, koma sudutsa wonse pa kiyi, chifukwa kiyi ndi kanthu kakang'ono, kakhoza kupsa. Kiyi amangotumiza kamoto kochepa kukadzutsa rileyi, kaswichi kamene kamadzilumikiza kokha, ndipo rileyiyo ndi imene imatsegulira moto waukulu kupita ku sitata kapena ku nyali. Njira iliyonse ili ndi fyuzi yake m'kabokosi ka pafupi ndi chiwongolero. Njira zina, monga ya hutala ndi ya nyali za m'kati, sizidikira kiyi, zimakhala ndi moto ngakhale dalaivala atazimitsa injini n'kuchokapo. Fyuzi anaipanga dala yofooka, kuti waya wosupuka akakhudza chitsulo iduke iyoyo mawaya asanatenthe. Ikapsa ndiye kuti yakuuza kuti penapake pali vuto, pita ukalifune. Munthu womanga waya pa fyuzi yakupsa ankamutchula dzina limene sindingalibwereze pamaso pa abusa.

Mu Ogasiti 1996, basi ina inapsereza fyuzi ya nyali za m'kati katatu m'sabata imodzi. Malemu anaona kuti waya wasupuka penapake kudenga, ndipo kumupeza kunafunika kumasula malata a m'kati tsiku lathunthu. Pa 21 mwezi womwewo analemba m'buku la ntchito kuti basiyo isatuluke. Kapitawo wa nthawi imeneyo anali munthu amene anafika pampandowo chifukwa chodziwa kuseka nthabwala za akuluakulu. Mawaya ankangowadziwa kuti ena ndi ofiira, ena ndi akuda. Anawatuma malemu kukaona basi ina yofera panjira, kapitawoyo n'kutenga pulayala ndi kachidutswa ka waya, n'kukulunga pa fyuzi ija. Nyali zinayaka, ndipo akuti anadzigugudanso pachifuwa kuti ntchito ya tsiku lonse aimaliza pa mphindi ziwiri.

Basiyo inanyamula anthu n'kupita. Masana inaima kuti anthu adye, dalaivala anazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba. Waya uja kudengako anapitiriza kutentha, popeza fyuzi yoti imudulire moto panalibe. Utsi utayamba, m'kati munali mutatsala mayi wina wosatha kuyenda. Dalaivala analowa n'kuwatulutsa amoyo, koma dalaivalayo anapsa manja ndi mbali imodzi ya nkhope. Basi inatsala zitsulo zokhazokha.

Kenako kunakhala bwalo. Amuna asanu a mataye anakhala m'chipinda chozizira masiku atatu, n'kugamula kuti galimoto yozimitsa singayake yokha pokhapokha wa magetsi atasokoneza mawaya. Pa asanu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotuluka panja kukadina hutala ya basi yopanda kiyi. Malemu atapempha buku la ntchito, tsamba la pa 21 linapezeka kuti mulibe. Dalaivala, ali chigonere m'chipatala, ananena kuti kapitawo anamuona ndi maso ake ali ndi pulayala m'manja, koma akuluakulu anati mankhwala akuwabwebwetetsa. Anzawo a m'galaja amene anaona zonse anangoyang'ana nsapato zawo. Ena mwa iwo ndikuwamva lero akuimba mokweza kuposa kwaya. Pa 30 Sepitembala 1996 malemu analandira kalata yowachotsa ntchito chifukwa cha kusasamala, ndipo dzina lija linayambira pageti tsiku lomwelo.

Kuchokera mu 1997 ankagwira ntchito pansi pa kashedi kuseri kwa malo omatira matayala. Galimoto zinkabwera, musaganize kuti sizinkabwera. Anthu si opusa pa galimoto zawo. Ngakhale mabwana a kampani ija zawo za kunyumba ankazitumiza komweko, koma pouza wantchito ankati pita nayo kwa Chiwotcha. Ana awo kusukulu ankaitanidwa ana a Chiwotcha. Alamu anga ankasokera mayi amene ankawafunsa mwaulemu wonse kuti kodi a Chiwotcha adzuka bwanji. Malemu sanamenye munthu, sanatukwane munthu, chinthu chimene ine mpaka lero chimandipsetsa mtima. Chimene ankachita ndi kulemba kalata ku kampani chaka chilichonse, yopempha mzere umodzi wokha wonena kuti basi ija sanaiwotche ndi iwo. Analemba makalata 27. Pa zaka zomwezo kapitawo uja anakwezedwa katatu, ndipo lero ndi bwana wamkulu woyang'anira mabasi onse.

Mu 2009 mwana wawo wachiwiri, wamkazi, anamaliza sukulu yomwe anaphunzira bambo ake, ndipo panopa ali ndi galaja yakeyake. Tsiku limene anamaliza sukululo ndinawaona achimwene akulira koyamba.

Mu 2022 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo pambuyo pake impso zinayamba kufooka. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Novembala 2024. Sabata yonseyo, akatsegula maso, ankafunsa ngati yankho la makalata aja labwera. Ine ndinawanong'oneza alamu kuti tingowanamiza kuti labwera, agone ndi mtima pansi. Alamu anakana, anati amuna awo sanamangepo waya pa fyuzi, ndipo iwo sawamangira bodza. Anatisiya pa 11 Novembala, nthawi ya 10 koloko m'mawa.

Yankho lafika dzulo. Labwera ndi nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala, pamodzi ndi basi yoti itinyamule kupita kumanda. Kalatayo ili ndi ine pano. Ikunena kuti kampani ikupepesa banja, ndiponso kuti zimene malemu analakwa kampani inawakhululukira kalekale. Wasainira ndi bwana wamkulu, amene atilemekeza pobwera okha, ndipo ndi awo akhala kutsogolowo pa mpando wa khushoni.

M'mawa uno, asanalole mayi ake kuponda pakhomo la basiyo, mwana wamkazi uja anagwada pafupi ndi chiwongolero n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi. Muli mafyuzi 14. Asanu ndi omanga ndi waya, imodzi anaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Imeneyo ndiyo basi imene anaisankha kuti ndi yabwino, yoti inyamule mkazi wamasiye ndi adzukulu. Mwanayu wachotsa waya wa batire, ndipo basiyo sikwera munthu. Kumanda n'kutali, dzuwa mukuliona, koma tiyenda pansi. Chitseko cha basiyo tachisiya chotsegula, ndipo aliyense amene anatchulapo dzina lija adzere pamenepo asuzumire.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino a m'chipinda cha amuna, amene anapirira funso lawo lija usana ndi usiku. Tikuthokoza omata matayala amene anakhala nawo zaka zonsezi akuwaitana ndi dzina lawo lenileni. Tikuthokoza adalaivala aja, amene akhala kumbuyo uko atapinda manja awo akupsa, poti anali okhawo amene ananena zoona, ndipo mwana wawo ndi amene wapereka galimoto yonyamula thupi. Abusa, akwaya ndi anansi amene mwatiphikira ndi kutitungira madzi, Mulungu akubwezereni. Nkhata ija taibwezera m'basi, pampando wa kutsogolo.

Mbiri imathera pa mawu ofunira malemu mpumulo, ndipo ife a m'banja tawanena kale m'mitima mwathu. Koma achimwene anga anadikira zaka 28 kuti amve mzere umodzi kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi, ndiye mawuwo ndawasiyira inu, bwana wamkulu. Ndamva kuti mwapempha mpata woti mulankhule. Mpatawo ndi uno. Imirirani, muwauze anthu awa amene anamanga waya pa fyuzi ija, ndipo mukatero munene kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Thupi silinyamulidwa mpaka titamva.