Linki ya a Venansiyo Inafika pa Chithunzi

Abale anga mwa Khristu, mtendere ukhale nanu nonse. Amene anandilakwira ndi a Venansiyo, tekiniko, katswiri wa zamakompyuta, wa bungwe lathu la alimi ku Chifunde. Anandichotsetsa ntchito ndi bodza, n'kundiseka pamaso pa bambo anga.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma foni ndimaidziwa. N'chifukwa chake bungwe linandipatsa ntchito yotumiza uthenga m'magulu a alimi a pafoni. Saiti ya bungwe, malo ake a pa intaneti, anapanga ndi a Venansiyo. Anaigawa zipinda zitatu zimene ankazitchula monyada kuti mafuremu: dzina la bungwe pamwamba, mndandanda wa masamba kumanzere, nkhani pakati.

Mvula ili pafupi, anaika pa saitipo tsiku lolembetsa mbewu ya chimanga. Anandiletsa kulemba tsikulo mu uthenga, ati kalembedwe kanga kamachititsa manyazi bungwe, ndingotumiza linki basi, adilesi ya tsambalo yoti alimi adine. Ndinatsegula tsamba la mbewu, kukopera linki, kutumiza kwathu ku Mualadzi. Alimi atadina anangoona chithunzi cha apulezidenti a bungwe akumwetulira. Amene anayesa kufufuza anapeza kachipinda kapakati kali ngati bokosi la machesi, mawu oduka theka. Mudzi wathu wonse unaphonya mbewu, bambo anga omwe.

Pamsonkhano a Venansiyo anaimirira. "Munthu wosaphunzira mumampatsiranji ntchito ya linki? Watumiza yolakwika ameneyu." Anthu anaseka, bambo anga anazolika. Ndinanyamula mpando kuti ndiwaphwanye nawo mutu, akatekisita ndiwo anandigwira mkono. Ntchito inathera pomwepo.

Sindikubisirani, kupemphera ndinkapemphera, koma pemphero langa linali loti njinga yamoto ya a Venansiyo igwere m'dzenje. Sinagwe. Nditatopa ndinati, "Ambuye, ngati simuwagwetsa, ingondionetsani pamene panalakwika."

Ndinapita ku Cassacatiza kukasenza katundu pamalire. Kumeneko mayi Felisimina, amene amalemba mapepala a malole pa komputadori, anandimva ndikutukwana dzina la a Venansiyo. Nditawafotokozera nkhani yonse, anatsegula saiti ija, kudina apa, kudina apo.

"Taona pamwambapa, mchimwene. Nkhani ikusintha, koma linki ndi yomweyo. Masamba onse abisala kumbuyo kwa linki imodzi. Ngakhale abishopu akanatumiza, ikanafikira pa chithunzi chomwechi."

Ndinakhala pansi. Mwezi wathunthu, nthawi yopuma masana, mayiwa anandiphunzitsa njira ina yopangira saiti. Tsamba lililonse likhale ndi linki yakeyake. Mndandanda ubwerezedwe pamwamba pa tsamba lililonse. Nkhani itsike mzere umodzi kuti ikwane pafoni. Ndinalakwitsa kambirimbiri, tsiku lina ndinatsala pang'ono kuponya mpando wawonso, koma saiti yanga ya masamba asanu inatheka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu waukali ngati ine. Inu amene akukupondani chifukwa mulibe mapepala a sukulu, musagwe mphwayi, pitirizani kugogoda. Akatekisita akuti ndikhululuke. Ndikuyesa, koma sindinafikebe.

Pamsonkhano wotsatira wa bungwe ndinaimika dzanja, mpando sindinaukhudze. Ndinapempha kuti a Venansiyo atumize okha linki ya tsamba la mbewu ku foni ya apulezidenti. Anatumiza akuseka. Apulezidenti atadina anadziona okha akumwetulira. Anatumizanso, chithunzi chomwecho. Nditatumiza yanga, tsiku la mbewu linatulukira pomwepo, zilembo zazikulu zoti agogo n'kuwerenga. Apulezidenti anati ntchito ndiyambirenso Lolemba, ndi saiti yomwe ndiisamale ndine.

A Venansiyo anayamba kulongedza chikwama. Ndinawatsekera pakhomo.

"A Venansiyo, linki ija mwatumiza nokha, ndi dzanja lanu lophunziralo. Musathawe ayi. Bambo anga ali apo, munda wawo uli ndi udzu wokhawokha. Tembenukani, muwayang'ane m'maso, muwauze amene anawamanitsa mbewu."