Maenje a Ofufuza Nikelo

"Amayi, dothi lathu akupita nalo kuti m'timatumba?" Mayi wina anabwereza funso la mwana wakeli pa siteji ya basi, atakumana ndi neba wake amene ankagwira ganyu yokumbira anthu ofufuza chitsulo cha m'nthaka chotchedwa nikelo.

"Ndimuyankhe chiyani, achimwene? Mwandisiyira maenje asanu m'munda, akuya ngati zitsime."

"Akuti nikeloyo amakhala pansi pa katondo, pamene dothi layamba kubiriwira. Ife timangokumba, achemwali."

"Kukumba mumatha, kukwirira ayi? Mvula ili pafupi. Ndibzala m'dzenje ine?"

Bamboyo anayang'ana matuza a m'manja mwake.

"Zokwirira sanatiuze. Koma fosholo ili kwathu. Loweruka ndilawirira, sindichoka mpaka dzenje lomaliza litatsekeka."

"Mubwere ndi anzanu munkakumba nawowo."

"Akakana, ndikwirira ndekha."