Ndinathira anyani mankhwala, ine wophunzitsa za nyama

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Mundilole ndilankhule nditakhala pansi, miyendoyi masiku ano ikumakana.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine Najere wa kuno ku Sharpevale. Kwa zaka zambiri ndinkagwira ntchito ku Lilongwe, pamalo pamene amasungira nyama zakutchire kuti anthu azidzaziona. Ntchito yanga inali yotsogolera maphunziro. M'mawa kunkabwera mabasi a ana asukulu, masana magulu a alimi ndi amayi. Ine patsogolo, malaya obiriwira, chipewa kumutu. Ndinkati, "Musaphe nyama. Musatenthe tchire. Nyani naye ndi cholengedwa cha Mulungu." Ndinkalankhula bwino, abale. Ankandiombera m'manja. Koma ufa ndinkachita kugula m'sitolo, munda ndinalibe.

Ndiye kunagwa mliri uja wa korona. Sukulu zinatsekedwa, mabasi anasiya kubwera. Abwana anatiitana nati, "Odyetsa nyama atsale. Ophunzitsanu bapitani kwanu, tidzakuitanani." Ndinadikira mwezi. Ndinadikira chaka. Foni zii! Amuna anga anali atamwalira kale. Ndinatenga ana anga awiri, n'kubwera kwa mayi kudzagwira khasu.

Munda wa mayi mukuudziwa, uli m'munsi mwa phiri. Ndinalima, abale. Ndinalima mpaka m'manja matuza okhaokha. Chimanga chinabereka. Chitangoyamba kukhwima, anyani anatsika.

Inu alimi mukudziwa. Ukathamangitsa kuno, alowera uko. Ndipo nyani munthu wamkazi samuopa, amangokuyang'ana uku akusenda chimanga chako. Mayi akudwala kunyumba, ana kusukulu, ine ndekha ndi kandodo kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Pamjigo amayi ankandiseka. "Aphunzitsi, takambiranani nawoni bwinobwino, si abale anu amenewo?"

Sabata zitatu zinatha choncho. Ndinatopa. Thupi linatopa, mtima unatopa, ngakhale kupemphera ndinatopa nako. Tsiku la msika ndinagula mankhwala a makoswe. Ndinawathira mu nthochi, n'kuziika m'mphepete mwa munda. Ine amene! Palibe anandituma.

M'mawa mwake ndinapeza anyani anayi ali lambalala. Mmodzi anali wamkazi. Pamimba pake panali kamwana kamoyo, katagwira ubweya zolimba, kakufunafuna bere. Mayo ine! Ku Lilongwe ana amasiye otere ndinkawamwetsa mkaka ndi botolo, uku ndikuuza ana asukulu kuti wopha amayi awo ndi munthu wouma mtima. Ndinakhala pansi pakati pa mizere. Misozi sinatuluke.

Anandipeza a Kamwendo, madala aja anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni, akhala kumbuyo uko. Munda wawo wachita malire ndi wathu. Anayang'ana anyani, anayang'ana ine.

"Najere mwana wanga, wachita ndiwe?"

"Ndine, bambo."

"Kwirira akufawa msanga, agalu angadye. Ukatero uimbire anzako a ku Lilongwe. Kamwanaka ife sitingakathe."

"Ndiwauza kuti chiyani?"

"Zomwe wandiuza inezi."

Anavula jekete yawo n'kukulunga kamwanako. Ine ndinaimba foni. Abwana anafunsa kuti mayi wa kamwanako wafa bwanji. Satana anandinong'oneza kuti, unene kuti ndi agalu. Koma Mzimu Woyera anandigwira lilime. Ndinati, "Bwana, ndathira mankhwala ndine." Anangoti atumiza galimoto. Masana galimoto inabwera kudzakatenga, ndipo dalaivala, munthu amene tinkadyera limodzi, sanandipatse moni.

Ndinaitanidwa kwa akuluakulu oona za nyama. Ndinapita nditawatsanzika mayi, poganiza kuti sindibwerako. Anandidzudzula kwambiri, anandichenjeza, n'kundiuza kuti ndizipita. Manyazi okha ndiwo sanandimasule. Kutchalitchi kuno ndinasowa miyezi inayi, ena mukukumbuka.

Koma Mulungu, abale! Tsiku lina ndinangoona abwana aja atulukira pakhomo. Anakhala pamkeka, a Kamwendo ali pomwepo. Anati, "Mayi, ife timaphunzitsa alimi koma sitinalonderepo munda ngakhale tsiku limodzi. Inu mwalondera. Tikufuna mutsogolere maphunziro a anthu akuluakulu kumidzi."

Ndinati, "Ine sindiyenera."

A Kamwendo anati, "Petulo anakana katatu, koma nkhosa anampatsa yemweyo. Vomera."

Ndinavomera ndikulira. Misozi inatuluka tsiku limenelo.

Lero ndimaphunzitsa Lachitatu lililonse m'chipinda cha Sande sukulu chija. Ophunzira anga ambiri ndi a imvi. Sindiyambanso ndi kuwauza zochita, ndimayamba ndi kufunsa kuti anyani adya kwa yani sabata ino. Tinagwirizana mabanja asanu ndi atatu kuti tizilondera minda mosinthana, ndi zitini ndi malegeni, kuti wina asamafe yekha. Kamodzi pamwezi ndimakwera minibasi pa Boma kupita ku Lilongwe kukaphunzitsa ophunzitsa atsopano. Nkhaniyi ndimawauza yonse, osabisa. Kamwana kaja kanakula, anakakasiya kunkhalango ndi anzake.

Sindikunamizani kuti zonse zili myaa. Anyani akubwerabe. Chaka chatha anatidyera mizere khumi. Mayi anatisiya nthawi yokolola. Alipo ena pamjigo amene akusekabe, ndipo masiku ena ndimadzuka ndisakufuna kuona munthu. Koma ana akudya, ali pasukulu, ndipo ine ndikutha kulowa m'nyumba muno n'kukhala kutsogolo.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye. A Kamwendo, zikomo bambo. Abusa, zikomo pondiyendera pamene ndinkabisala. Muzindipempherera, abale ndi alongo, mphamvu zanga n'zochepa. Mawa ndi tsiku langa lolondera, ndiyenera kufika kumunda dzuwa lisanatuluke.

Ambuye akusungeni nonse. Ameni.