Tsiku limene ndinathandiza amayi a ku Amereka kuimba

Zaka zija za risesheni, chuma chitagwa, pamene nyumba zatsopano za kuno ku Dublin zinaima zosafolera ndipo ife omanga tinauzidwa kuti tikapume, ine ndinatsala ndi chinthu chimodzi chondipatsa ulemu, ndicho mpando wa woimba kiyibodi kutchalitchi. Inu ana a lero nyimbo mumangozitokosa pafoni, koma kalelo wakiyibodi ankalandira moni wa manja awiri. Tsono kunabwera a Tembo a ku Lusaka, odziwa kuwerenga manotsi a nyimbo, ndipo bambo mfumu anati adzasankha mmodzi pa awirife.

Lamulungu lotsatira tinalandira alendo, amayi akuda a ku Amereka odzaimba Misa ikatha, ndipo anaimirira kutsogolo chimanjamanja, opanda ng'oma, opanda gitala, ngakhale chisekese.

Ndinanong'oneza agogo anu aakazi kuti, "Anachisale, anthuwa risesheni yawadyera zida."

Iwo anati, "Khalani pansi, bambo a Chisomo. Wakutumani ndani?"

Ndinadziuza kuti mlendo sachititsidwa manyazi pakhomo, koma ndisakunamizeni, Mulungu andikhululukire, ndinkafuna bambo mfumu aone amene amapulumutsa zinthu. Amayiwo atayamba, wina ndi liwu lapansi ngati chigayo chakutali ndipo enawo akuyala mawu awo pamwamba pake mpaka tsitsi kunyamuka, ine ndinakwawa kuseri kwa mabenchi n'kukadina batani la pakiyibodi.

Chinatuluka ndi rumba ya paukwati. Ndinadina lina kuti ndizimitse, n'kumveka agalu kuuwa. Ndinazula waya kukhoma, koma chinthucho chinali ndi mabatire. Ndiye ndinachikolekera kukhwapa n'kudutsa nacho pakati pa mpingo chikugundabe, a Tembo akunditsegulira chitseko mwaulemu wonse, ndipo ndinakachitsekera m'buti ya galimoto. Amayi aja sanaphonye ngakhale liwu limodzi.

Pambuyo pake mtsogoleri wawo, mayi waimvi, anandipeza nditakhalira butiyo. Ndinapepesa m'Chingerezi changa chothyokathyoka, n'kunena kuti ndimafuna kuwabwereka zida poti zawo zinatayika.

Anati, "M'bale wanga, sitinataye kanthu. Makolo athu ali akapolo analandidwa ng'oma, chifukwa ng'oma imaitana anthu, ndiye anaimba pakamwa m'minda ya thonje. Ankati akaimba zowoloka Yordano, mwini munda n'kumayesa ndi zakumwamba zokha, pamene ena akumva za kuthawa. Ine ndemwe, ndili mtsikana, ananditsekera m'ndende chifukwa choguba kuti anthu akuda azivota. Apolisi anatilanda zonse, koma mmero sakanatha kutivula, ndipo tinaimba mpaka anatopa nafe."

Ndinasowa poyang'ana. Pansi panga galimoto inkangonjenjemera ndi rumba, ndipo mayiyo anaigogoda n'kufunsa kuti, "Nanga uyu mwam'tsekerayu walakwanji?"

Mpando unapita kwa a Tembo, ndipo bambo mfumu sanavutike n'kusankha. Ine anandiika mzere wakumbuyo kwa oimba besi, kutali ndi mabatani, komwe ndidakali mpaka lero, ndipo n'komweko ndinadziwira kuti nanenso ndili ndi liwu, loipa ndithu koma langa.

Choncho adzukulu anga, safunsa anadya phula. Mukaona munthu waima chimanjamanja, musathamangire kum'nyamulira zanu. Yambani mwakhala pansi, mumve chimene wabwera nacho.