Anacleto Firmino, Mmisiri wa Nyumba Yosanja ya a Lobo

Malemu bambo Anacleto Firmino, amene ine Juvenal ndine mng'ono wawo, anabadwa pa 9 Meyi 1894 ku Campinas. Sukulu anaphunzira zaka zitatu zokha, kenako anayamba ntchito yomanga. Mu 1919 anakwatira mayi Zulmira kuno ku Bixiga, mu mzinda wa São Paulo.

Mu 1925 bambo Otaviano Lobo, a minda ya khofi aja, anawalemba ukapitawo pa nyumba yawo yosanja ya pakati pa São Paulo. Pulani inali ya nsanjika makumi awiri, ya simenti ndi zitsulo, moti anthu ankaopa ngakhale kudutsa m'munsi mwake. Koma a Lobo, munthu amene sananyamulepo njerwa chibadwire, atamva kuti mnzawo wina akumanga yaitali kuposa yawo, analamula kuti awonjezere nsanjika zinayi ndi kachisoti ka mkuwa pamwamba. Malemu anawauza pamaso pa anthu kuti, "Bwana, nsanamirazi tinaziumbira nsanjika makumi awiri. Matama anuwo sizingawanyamule." Anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Mu 1928 nsanamira zapansi zinachita ming'alu. Akatswiri a masatifiketi a ku Ulaya ankangoyendayenda ndi mapepala, nsapato zili mbee. A Lobo anatumiza galimoto kudzatenga malemu, poti kubwera okha kudzapepesa akanathyoka khosi. Malemu anapita chifukwa anzawo mazana awiri ankagwirabe ntchito m'mwambamo. Miyezi isanu ndi itatu anakhala kunsi kwa nyumbayo akulimbitsa nsanamira imodziimodzi, akupuma fumbi la simenti.

Tsiku lotsegulira nyumbayo, mu 1929, anavala suti yawo ya ukwati. Mlonda anawaimitsa pakhomo: "Akuda amalowera kuseri, achikulire." Anatembenuka n'kubwerera kunyumba, ndipo sanapondemonso. Mwala wa pakhomopo uli ndi mayina asanu ndi limodzi, ngakhale la amene anasankha makatani. Lawo palibe.

Anapitiriza kumanga timanyumba ta anthu wamba kufikira mu 1958, pamene chifuwa chinawakulira mphamvu. Atisiya pa 3 Ogasiti 1963.

Asiya mayi Zulmira, ana atatu, Odete, Laerte ndi Nair, komanso zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza a bungwe la amisiri omanga amene apanga bokosi, manesi amene anawasamala, ndi mayi Iracema amene ankabweretsa msuzi wa nkhuku tsiku ndi tsiku. Ana a bambo Lobo atumiza nkhata yamaluwa yaikulu ngati tayala la lole, yolembedwa kuti "Kwa Anastácio". Munthu ameneyo sitikumudziwa, choncho taisiya kunja kwa geti kuti eni ake akaipeze.

Achimwene, ntchito munaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.