Simenti M'mitsuko ya Vinyo

Pasiteji ya maminibasi ku Telavi, nyengo yothyola mphesa, a Otari, mkulu wa zala zakuda ndi madzi a mphesa, anakhala benchi limodzi ndi mayi wina wa ku Tbilisi yemwe sankamudziwa.

"Ndagula nyumba yakale ku Shilda, bambo," anatero mayiyo. "M'menemo muzidzagona alendo okonda vinyo wa kuno ku Kakheti. Koma eni akewo! Chipinda china maenje okhaokha, mitsuko ikuluikulu yokwirira mpaka m'khosi. Ndathiramo simenti."

"Mwathiramo chiyani? Mayi inu, mutu wanu ukuyenda bwino? Vinyo amene alendo anuwo akulondola amapsera momwemo!"

"Musandikalipire ngati mwana wanu. Mlendo atagweramo n'kuthyoka mwendo, mungabwere inuyo kudzalipira? Vinyo ndizigula wam'mabotolo."

"Wam'mabotolo! Kugula ng'ombe ya mkaka n'kuidula mawere!"

"Nyumba ndi yanga. Ngati ankaikonda mitsukoyo, anagulitsiranji?"

A Otari anamuyang'anitsitsa. "Pachipata pali mtengo wa mabulosi?"

"Eya. Ndiudula Loweruka."

"Anagulitsa ndi mwana wanga, ine ndili gone m'chipatala. Nanga kamtsuko kapakona, komata ndi dongo kaja?"

"Munali vinyo wakalekale. Amisiri anakhuthulira mungalande. Ndikanadziwa bwanji ine?"

"Mukanafunsa! Mudzi wonse ukudziwa. Anamata ndi bambo anga, tsiku limene achimwene anga ankapita kunkhondo. Anati tidzatsegula akabwera."

"Ndiye simunatsegule bwanji?"

"Sanabwerebe, mayi."