A Radivoje anathawira mbale m'madzi

Malemu mwana wa mchimwene wanga, bambo Radivoje Jeremić, anabadwa pa 9 Novembala 1962 kuno ku Ivanjica. Abambo wansembe, achibale, ndi inu nonse mwabwera kudzatikhuza, mundipirire. Ine ndine Smiljka, azakhali awo. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu. Andiimika pano chifukwa mwa amene anawaona tsiku lobadwa ndatsala ndekha. Anabadwa ndi makilogalamu asanu, moti mzamba anati, "Uyu wachita kubwera atadya kale."

Anayamba sukulu mu 1969, ndipo atamaliza anakaphunzira kuyendetsa magalimoto akuluakulu ku Čačak. Mu 1981 anapita ku usilikali, ndipo ndi chaka chokhacho chimene tinaona kuti ali ndi khosi. Mu 1984 anayamba kuyendetsa basi ya ku Užice. Pa 14 Sepitembala 1986 anamanga banja ndi mayi Zagorka, amene manja awo sadziwa kuphika zochepa. Mulungu anawapatsa ana awiri, Vukašin mu 1988 ndi Dunja mu 1991. Zaka makumi atatu anakhala pampando wa basi, okwera akuwapatsira tchizi, nyama yofutsa ndi buledi, mpaka mimba inayamba kugwira nawo chiwongolero.

Mu 2014 mwana wawo Dunja anadwala impso. Zonse ziwiri zinaleka kugwira ntchito, ndipo ankamuika pa makina otsuka magazi katatu pa sabata. Kuti akhale moyo pankafunika wina amupatse impso imodzi. Anayeza mayi ake, sizinagwirizane. Anayeza mchimwene wake, chimodzimodzi. Atayeza bambo ake, zinagwirizana. Koma dokotala wa ku Belgrade atayang'ana sikelo anapukusa mutu. "Bambo Jeremić, muli ndi makilogalamu 130. Ndikakuchitani opaleshoni chonchi simudzuka. Mutsitse makumi atatu, ndipo musachedwe, chifukwa mtima wa mwanayu sudzapirira makinawa mpaka kalekale."

Ulendo umenewo ndinawaperekeza. Dokotala anatifotokozera za makalori, mphamvu ya chakudya imene thupi limawotcha likamagwira ntchito. Manambala ake anandidutsa pamutu, ndiye ndinamupempha kuti andiuze m'mbale. Anaseka, koma ananena. Kuthamanga ola lathunthu kumawotcha mbale yodzaza ya nyama ya nkhumba. Njinga imatsatira pafupi. Kusambira ndi kuvina kumabwera pambuyo pake. Kuyenda pansi kumangowotcha chidutswa chimodzi cha pita, chitumbuwa chathu chija cha tchizi. M'basi pobwerera malemu ankangowerenga zala.

Anayamba ndi kuthamanga, poti ndiko kunali pamwamba. Sabata isanathe mawondo anatupa ngati maungu. Anabwereka njinga kwa mnansi wawo bambo Obrad, ndipo inabwerera gudumu litapindika. "Iwe chimbalangondo," anatero a Obrad, "ndinakubwereka njinga kapena mpando?" Malemu anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Kenako anati aziyenda pansi kukwera phiri, ngakhale kumawotcha pang'ono. Anaiwala kuti njira ya kuphiri yadzaza abale. Inu nomwe muli panowa. Munthu akadutsa pachipata chanu ali thukuta kamukamu, mumamukokera m'nyumba: khofi, kachasu wa rakija, pita wotentha. Inalinso nyengo ya slava, pamene banja lililonse limachitira phwando woyera mtima wake, ndipo wokana mbale ya slava watukwana nyumba yonse. Akati, "Ndakhuta, amalume," yankho linali lakuti, "Wakhuta chiyani, taona waonda, idya." Ankawotcha chidutswa chimodzi pokwera, n'kudya zinayi potsika. Anayesanso gule wa kolo, koma kolo amavinidwa paukwati, ndipo paukwati nkhumba imazungulira pamoto.

Itatha miyezi isanu ndi umodzi anakwera pasikelo. Anali atawonjezera makilogalamu awiri. Nthawi imeneyo miyendo ya Dunja inali itayamba kutupa, ndipo pokwera masitepe ankapumira panjira. Malemu anabwera kukhitchini kwanga, nakhala pansi, bambo wamkulu misozi chuchuchu. "Azakhali, mwana wanga ndimupha ndi supuni. Kodi m'dziko lino mulibe malo amene munthu sangapatsidwe mbale?" Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Alipo awiri, mwanawe: kumanda ndi m'madzi." Anandiyang'ana, n'kupukuta m'maso.

M'mawa mwake analowa mumtsinje wa Moravica. Poyamba ankangomenya madzi ngati ng'ombe yogwera m'chitsime, ana ali pamlatho kuseka. Mayi Zagorka, pepani mayi koma ndinena, ankaima m'mphepete ndi dengu. "Rade, tuluka udye kaye, uzizidwa." Iwo ankayankhira pakati pa madzi, "Ubweretse konkuno ngati ungathe." Kusambira sikunali pamwamba pa zimene dokotala anatchula, koma chimene awotcha m'madzimo panalibe wochibwezera. Akatuluka ankadutsa njira ya kuseri kwa minda, yopanda zipata. Kuzizira kutafika anasamukira ku dziwe la m'nyumba ku Užice. Pa slava ya chaka chimenecho anakana nyama kwa a Obrad, ndipo a Obrad anawanyanyala mpaka Pasaka. Pambuyo pake ndi iwo omwe ankawatengera kudziweko pagalimoto, akutukwana njira yonse.

Pa 3 Marichi 2016, atatsika kufika pa makilogalamu 99, anawachita opaleshoni ku Belgrade. Ife tinadikira pabenchi panja. Atatsitsimuka mawu awo oyamba anali akuti, "Yagwira?" Impso ija inagwiradi. Dunja anachoka pa makina, anakwatiwa mu 2018, ndipo mu 2021 anabereka mwana wamwamuna.

Malemu anapuma pantchito mu 2022, koma kusambira sanasiye. Pa 20 Januwale chaka chino anagwa pakhomo, dzanja ndi mwendo zitafa. Anagonekedwa m'chipatala ku Užice, kumene anatisiya pa 2 Febuluwale 2024, ali ndi zaka 61.

Tsopano mundimvetsere, chifukwa tulo sindikupeza. Chimwalirire bambo ake, magazi a Dunja akuthamanga kwambiri, ndipo madokotala ati impso ija ikufunika kuisamala ngati dzira: mchere ayi, nyama yofutsa ayi, kachasu ayi. Ndi imodzi yokhayo, ndipo woipereka wina palibe. Tikachoka pano tikukadya za maliro, ndipo ine ndikukudziwani. Mudzamuzungulira ndi mbale n'kumati, "Idyako chifukwa cha mzimu wa bambo ako." Alawe tirigu wophika supuni imodzi monga mwa mwambo, basi. Akakana zinazo, wina asakwiye. Wofuna kukwiya abwere kwa ine, ndodo ndili nayo.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Zagorka, ana awo Vukašin ndi Dunja, adzukulu atatu, ndi ine nkhalamba imene inayenera kutsogola. Tikuthokoza abambo wansembe, anamwino a ku Užice, anzawo a ntchito ya basi amene anyamula bokosi, ndi bambo Obrad amene sanachoke pambali pa bedi lawo.

Rade mwanawe, ndinakunamiza pang'ono, chifukwa kwathu kuno ngakhale kumanda timabweretsa mbale. Zimenezo ulandire, sikelo kulibe kumeneko. Lero sitikukuika wathunthu m'manda: mbali ina yaima apo, yavala zakuda, yanyamula mwana. Tiisamala. Mzimu wanu, bambo Radivoje, uuse mumtendere, ndipo dothi likupepukireni.